Khomo Limodzi, Apongozi Awiri

Mvula ya chaka chimenecho sinasankhe. Inagwetsa nyumba ya Lemani, kenaka inadutsa pabwalo n'kukagwetsanso kanyumba ka apongozi ake, aNambewe, ngati kuti inkaopa kunenedwa kuti ndi yokondera. Anthu onse anapulumuka, ndi nkhuku zomwe. Koma kuchokera pamenepo ankagona m'zisakasa ziwiri za udzu ndi mapepala apulasitiki, Lemani ndi mkazi wake Lefina uku, aNambewe uko, mtengo wa mango uli pakati.

Mtengowo ndiwo unali malire kuyambira kale. Lemani anali mkamwini pamudzi umenewu, kufupi ndi Njombwa, ndipo chikwatirire Lefina, ana mpaka kukula n'kuchoka pakhomo, anali asanawayang'anepo apongozi ake kumaso. Akawaona akubwera m'njira ankapatukira m'munda n'kuyamba kuyendera fodya wa eni ake ngati mlangizi. ANambewe nawonso akangomva mapazi a mkamwini ankakokera chitenje kumutu n'kutembenukira kunkhokwe. Mawu onse ankadzera mwa Lefina. Achinyamata a pamudzipo ankaseka kuti zimenezo zinapita ndi makolo, koma awiriwo sankalabadira. Ankakondana m'njira yawoyawo. Lemani akagulitsa fodya, shuga ndi chitenje choyamba zinkapita kuseri kwa mango. Ndipo munthu akayerekeza kumunena mkamwiniyo pachitsime, aNambewe ankamutsuka ndi pakamwa mpaka kuiwala ndowa.

Ndiye kunabwera bungwe lina lothandiza okalamba ndi mabanja osowa kuti apeze nyumba. Dzina lake linali lalitali, moti anthu ankangoti a Malata. Amene ankayendera dera limenelo anali Lusungu, mtsikana wa ku Nkhamenya, wokwera njinga yamoto yomuposa msinkhu, yemwe Chichewa chake chinkaterereka n'kugwera m'Chitumbuka akasangalala. Anawakhazika onse pansi pa mango, aNambewe atafulatira, Lemani akuyang'ana zala zake zakuphazi.

"Inu muumba njerwa n'kuziwotcha, mututanso mchenga," anatero Lusungu. "Ife tibweretsa simenti, malata, zitseko ndi mmisiri. Nyumbayi ndi ya agogo pamodzi ndi amene akuwasamala. Sitifuna munthu wokalamba azigona yekha, akadwala osamveka. Tikadzaona kuti mukukhalamo bwino, tidzaipereka m'manja mwanu, ikhale yanuyanu."

Anatola kamtengo n'kujambula pansi. Apa chipinda cha agogo, apa chipinda cha banja, pakati pabalaza. Khomo lotulukira panja, limodzi.

Lemani analiona khomolo. Analionetsetsa ndithu. Koma mkamwini sayankhula za malo ogona apongozi akumva, komanso munthu amene akugona m'pepala angayambe bwanji kuwerenga makomo a nyumba yopatsidwa? Anangoti mumtima, tidzaona. Poumba njerwa kudambo anati tidzaona. Uvuni ukufuka utsi anati tidzaona. Khoma litafika m'chiuno anakaima pakhomo limodzi lija n'kuliyesa ndi mapewa, ngati kuti likanakulako pang'ono anthu awiri akanadutsana osaonana. Mmisiri Aloysius anamufunsa ngati akufuna kudzalowetsamo ngolo.

Nyumba inatha mu Juni, fodya atapita kale ku okushoni. Inali yokongola, ya njerwa zofiira, malata ake akuthobwa m'maso munthu akadali kumsewu. Tsiku lolowa amayi a pamudzi analuluta, Lusungu anapereka matiresi ndi bulangeti kwa agogo, anajambula zithunzi, n'kukwera njinga yake. Anthu atabalalika, Lemani anaitanira mkazi wake kuseri kwa nyumba.

"Amake Amon, ine ndizikagona kuchigafa."

"Kuchigafa kuli chiyani? Fodya anapita."

"Kuli mitengo yopachikira fodya ija. Anthu akuba masiku ano."

"Yofumbwa ija?"

Lemani anatsitsa mawu. "Taganizani bwino. Ndadzuka ndikufuna panja, ndili wosavala malaya. Nawonso adzuka. Takumana pabalaza. Ndipatukira kuti? M'nyumba mulibe munda."



"Koma amayi musawauze," anapitiriza Lemani. "Muziti ndimalowa mochedwa, ndimatuluka mamawa. Nyumbayi yabwera chifukwa cha ukalamba wawo. Agonemo mwamtendere."

"Ndamva," anatero Lefina. Anayankha msanga kuposa mmene Lemani ankayembekezera.

Chigafa ndi denga la udzu pamwamba pa nsanamira, chopanda khoma. Chimamangidwa kuti mphepo izidutsa n'kuumitsa fodya, ndipo mphepo ya mu Juni ya kuchigwa cha Kasungu inkaidziwa bwino ntchito yake. Lemani anatchinga kona imodzi ndi ziguduli zakale zomangira mabelo, anayala mphasa, n'kudzipinda. M'mawa ankadzuka atakhwinyata ngati tsamba lapansi limene ogula amalikankhira kumbali. Patapita masiku mbuzi ina inazindikira kuti pakonapo pamafunda, ndipo inayamba kubwera nthawi yake osaitanidwa. Poyamba ankaithamangitsa. Kenaka anaona kuti nayonso ili ndi kutentha kwake.

Chimene chinkamulimbitsa mtima chinali uthenga wa m'mawa. Lefina ankabwera ndi madzi osukusula, n'kugwada.

"Amayi akuti agona ngati khanda. Akuti matiresi aja akuwachotsa nyamakazi."

"Muwauze kuti nanenso ndagona bwino," ankatero Lemani, akuwongola khosi pang'onopang'ono. "Muwauze kuti malata ndi abwino."

Lefina ankanyamula mawuwo n'kuoloka nawo pabwalo.

Koma pakhomopo amene ankaoneka kuti akugonadi anali Lefina. Nkhope inayamba kusalala, ankadzuka dzuwa litatuluka, ankaimba nyimbo za kwaya posesa. Lemani ankangoti ndi mmene nyumba yabwino imachitira ndi munthu wamkazi. Ankamvanso kachifuwa kouma kochokera kukhitchini kukamacha, n'kumati apongozi ndi anthu akale, ngakhale uwapatse matiresi salephera kulawirira kumoto.

Lusungu anabwera osalonjeza. Anali ndi ulendo wa ku Lisasadzi, ndiye anati adzere m'mawa mame asanaume. Anazimitsa njinga yake pamsewu kuti asadzutse agogo, n'kubwera akuikankha. Anafika pabwalo nthawi imene Lemani ankatuluka m'ziguduli, mphasa ili kukhwapa, udzu uli m'mutu, mbuzi ikumutsatira pambuyo ikudziwongola.

"Mwawuka uli, adada?"

"Tadzuka bwino, alangizi, kaya inu."

"Mphasayo mukupita nayo kuti?"

"Ndimaiyanika."

"Dzuwa lisanatuluke?"

"Ya mtundu umenewu imafuna mthunzi."

Lusungu anayang'ana mbuzi. Mbuzi inayang'ana Lemani. Mtsikanayo anangopita kukaodira kukhomo la nyumba. Panapita nthawi Lefina asanatsegule, ndipo atatsegula anali akuyasamula.

"Ndiwalonjereko agogo," anatero Lusungu, n'kulowa.

Lemani anaima chapatali ndi khonde, poti m'nyumbamo anali asanapondemo chiitsirizire. Anamva chitseko cha chipinda chikutseguka. Kenaka nkhuku inalira mokwiya.

"Amama," mawu a Lusungu anamveka, "matiresi akadali m'pepala lake, atatsamira khoma. Nanga nkhukuyi?"

"Ikufungatira," anayankha Lefina. "Muno mulibe agalu."

"Agogo ali kuti?"

Yankho linachokera kukhitchini. Kachifuwa kaja kanamveka, kansalu kotchinga pakhomo kanasuntha, ndipo aNambewe anatuluka chowerama, phulusa lili pachitenje, mphasa ili kukhwapa. Anaima. Lemani anaima. Onse awiri anatembenuka nthawi imodzi, wina kunkhokwe, wina kuchigafa, monga ankachitira nthawi zonse. Koma ulendo uno anachedwa pang'ono, ndipo aliyense anali ataiona mphasa ya mnzake.

Anakhalanso pansi pa mango. ANambewe anayang'ana nkhokwe, Lemani anayang'ana chigafa, Lusungu anakhala pampando, Lefina pakati ngati wogwidwa ndi chinangwa cha eni.

"Tsiku lija munandiitanira kuseri kwa nyumba," Lefina anayamba, akuyankhula ndi msana wa mwamuna wake, "amayinso anali atandiitanira kale kuseri kwa nkhokwe. Akuti, mkamwini waumba njerwa mpaka msana kupindika, ndiye ine ndizikamutsekereza pakhomo? Ndizigona kukhitchini, koma usawauze. Inunso mukubwera, musawauze. Ine ndine ndani kuti ndiphwanye mawu a anthu awiri akuluakulu?"

"Ndiye nyumba yonseyi mumagonamo nokha?" anafunsa Lemani.

"Tsiku lina kuchipinda, tsiku lina pabalaza. Chibadwire sindinagonepo popanda wondiponda kapena wondiitana. Ndinati ndilaweko pang'ono, ndidzanena." Anakanda pansi ndi chala. "Koma chifuwa cha amayichi chayamba kundiopsa. Ndimati ndinene Lamulungu likubwerali."

Lusungu anaseka mpaka kugwira chipumi. Atamaliza anapukuta m'maso, ndipo mawu ake anasintha.

"Adada, akanabwera wina osati ine, akanakanena zimene waona ndi maso: agogo akugona m'khitchini, akutsokomola, matiresi sanagonedwepo. Ku ofesi akamva zimenezo amadziwa chinthu chimodzi, chifukwa tinaziona kwina. Amati banja lathamangitsa nkhalamba kuti lidye nyumba. Zikatero nyumba sitiipereka m'manja mwanu, ndipo nkhani imafika patali."

Lemani anaweramitsa mutu. Nyumba ikanatha kupita, iye anali atagonapo kale m'pepala. Koma kuti ku Santhe pamsika anthu azilozerana kuti uyo ndi mkamwini uja anatulutsa apongozi ake m'nyumba ya malata, iye amene sanawadutsepo ngakhale kutsogolo? Ndiponso chifuwa chija, chimene ankachimva m'mawa uliwonse n'kumachiyamikira kuti ndi khama, chinali chake iye, anachibweretsa ndi ulemu wake.

"Amake Amon," anatero, "muwauze amayi alowe lero lomwe. Ine kuchigafa ndazolowera."

Lefina anatembenuka kuti apereke mawuwo, koma aNambewe sanadikire.

"Lefina, uwauze kuti iwo akagona kuchigafa, ine m'khitchini sindichoka."

"Muwauze kuti utsi ukuwapweteka pachifuwa."

"Uwauze kuti chifuwacho ndi changa."

"Muwauze kuti ine ndikadali ndi mphamvu."

"Uwafunse ngati mphamvuzo ndi zimene zikuwayendetsa chopendekera khosi ngati nkhuku ya chitopa."

Lefina anali atasiya kale kubwereza. Ankangotembenuza mutu uku ndi uku. Potsiriza anati, "Nonse mwamva," n'kupinda manja.

Lusungu anasendeza mpando. "Kwathu ku Nkhamenya ndi mkamwana amene amathawa apongozi aamuna. Amayi anga ankagwada m'tchire agogo akamadutsa, mtolo wa nkhuni uli pamutu. Ndimazidziwa zimenezi, ndipo ndinayenera kufunsa tisanakumbe maziko. Koma kodi kuno kulibe njira yothetsera manyazi? Ena amapereka kanthu, n'kugwirana chanza, basi anthu n'kuyamba kuyankhulana."

"Iliko," anatero Lefina. "Nkhuku imodzi yokha."

Lemani anayesa kuganiza mawu amene angayambe nawo atakhala maso ndi maso ndi aNambewe, ndipo m'mutu mwake munalibe ngakhale amodzi. Akanati chiyani? Kuti kunja kukuzizira?

"Lefina," anatero aNambewe, "umuuze mwanayu kuti ayi. Mkamwini wa aNaphiri kumtundaku anapereka nkhuku. Lero amakangana za mchere, mudzi wonse ukumva. Munthu akayamba kukuyankhula, mawa akuyankha. Ine mkamwini wanga sanandiyankhepo chibwerere pamudzi pano. Ndimufuna choncho."

Lemani anagwedezera mutu chigafa, mwamphamvu ndithu.

"Ndiye titani?" anafunsa Lusungu. "Nyumba ndi imodzi, agogo akuyenera kugonamo, adadanso akuyenera kugonamo. Apo ayi ine sindingakaname ku ofesi."

ANambewe anatsokomola, n'kulavulira kumbali.

"Kodi khomo la chipinda changa likuyang'ana pabalaza chifukwa chiyani? Ine pabalaza ndili ndi mlandu ndi ndani? Alichotse, aliike kumbuyo, liziyang'ana nkhokwe yanga. Pamene lachokapo atsekepo ndi njerwa."

"Kumbuyo tikhoza kuboola," anatero Lusungu ataganiza. "Koma lam'katilo sindilola kuti litsekedwe. Mukadwala mvula ikugwa, amama azizungulira nyumba ndi nyali? Likhale, koma likhale la amama okha. Inu simudutsapo, adada sadutsapo."

"Lefina, uwafunse ngati akuvomera," anatero aNambewe.

"Muwauze kuti khomo limenelo sindilidziwa n'komwe," anatero Lemani.

Lusungu anakwera pachulu kuseri kwa khola, pamene foni imagwira, n'kuimbira bwana wake. Anthu pansi pa mango ankangomva mbali yake. Anafotokoza kamodzi, anabwerezanso, kenaka anachotsa foni kukhutu n'kuigwira patali kwa kanthawi. Anatsika akumwetulira.

"Aseka kwambiri. Akuti iwo ndi apongozi awo amakwera galimoto imodzi, amalimbirana ndi wailesi yomwe."

"Uwauze pepani," anatero aNambewe.

"Koma avomera. Chitseko china chinatsala pa nyumba ya ku Santhe. Akuti Aloysius abwere aike yekha mtanda pamwamba, khoma lisafooke. Ndipo akuti nyumba zotsalazo ndiziyamba ndafunsa za makomo." Anavala chipewa chake chanjinga. "Agogo, lero mugona m'nyumba, ndipo mawa amama akupititsani kuchipatala ndi chifuwacho. Adada apirire kaye kuchigafa mpaka khomo litheke. Ndikadzabweranso ndidzapeze matiresi atalowa pakati. Ndikadzawapeza choncho, nyumba ndi yanu."

Aloysius anabwera sabata yotsatira, felemu ndi chitseko atazimangirira panjinga yakapalasa. Anazungulira kumbuyo kwa nyumba, anayeza, n'kulemba mzere pakhoma ndi khala.

"Akulu, zimenezi mukanandiuza tsiku lija munkayesa khomo ndi mapewa," anatero. "Ine ndimayesa mwanenepa mumtima."

"Gwirani ntchito, amisiri."

"Yoyamba gumulani ndinu. Munaziumba nokha, zikudziwani."

Lemani anafunsa kaye ngati m'chipindamo mulibe munthu. Lefina anayankha ali kukhitchini kuti amayi anawaona akupita kudimba. Ndiye anatenga hamala ndi tchizulo, anasankha njerwa yapakati, chapamtunda pang'ono, n'kuyamba kugogoda m'mbali mwake. Simenti ya a Malata inali yosanyengeka. Anatuluka thukuta ngakhale kunali chisanu. Potsiriza njerwayo inagwedezeka, inasuntha, n'kugwera m'kati.

Anawerama kuti aone ngati yasweka, poti ankafuna kukaigwiritsanso ntchito. Anaika nkhope pabowopo.

Kumbali inayo kunalinso nkhope. ANambewe anali atabwerera kudzatenga mpeni, ndipo nawonso anali atawerama kuti aone chimene chagwa.

Panalibe munda wopatukira. Lemani anangouma, hamala ili m'manja. Anaona nkhope yaing'ono, yochepa kwambiri poyerekeza ndi mawu amene ankatulukamo, ya mphini zozimirira m'masaya, ndi maso a Lefina enieni. ANambewe sanafulumire. Anamuyang'ana kuyambira pachipumi mpaka kuchibwano, ngati munthu amene akusankha fodya. Atakhutira ndi pamene anakokera chitenje kumutu n'kutembenuka.

"Lefina," anaitana.

"Wawa, amayi."

"Uwauze bambo ake Amon kuti akalamba. Ine ndimayesa ndikadali ndi mkamwini wa tsitsi lakuda."

Aloysius anakhala pansi n'kubisa nkhope m'chipewa, mapewa akugwedezeka. Lemani anatembenukira kunkhokwe.

"Muwauze amayi asunthe," anatero. "Njerwa zina zikubwera."

Dzuwa lisanalowe chitseko chinali chitaima, chikuyang'ana nkhokwe. ANambewe analowa n'kutuluka, analowanso n'kutulukanso, kuti aone ngati chikumvera. Lemani anakatenga mphasa yake kuchigafa, anaikung'untha, anavula nsapato pakhonde, n'kulowa pa khomo lakutsogolo. Anaima pabalaza kanthawi akuyang'ana kunsi kwa malata. Anali asanawaonepo mbali imeneyo.

M'mawa mwake dzuwa linamupeza akadali m'chipinda. Lefina analowa ndi madzi osukusula, nkhope ili yolemera, maso ali ofiira.

"Amayi akuti agona bwino," anatero, "ndipo lero ndi zoona, ndakawaona ndekha. Koma akuti a Malata akadzabweranso muwapemphe akweze khoma lapakatili lifike kudenga. Akuti zaka zonsezi samadziwa zimene ndimapirira."

"Zotani?"

"Mkonono wanu."

Lemani anakhala tsonga pamphasa. Anayang'ana pamwamba pa khoma, pamene panali mpata pakati pa njerwa ndi malata, n'kutsitsa mawu mpaka kunong'ona.

"Muwauze kuti pepani."

Lefina asanaimirire n'komwe, mawu anadutsa pampata uja.

"Uwauze kuti ndamva."